Tikuseka Yani pa Madyerero a ku Hotela?

Aliyense amene wakhala akuwerenga nkhani zopeka za m'Chichewa, kaya m'mabuku, m'magazini ya Moni, kapena m'masamba a Tikambe ndi Tamvani a m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, avomereza kuti hotela ndi malo amene alembi athu amawakonda. Nkhani ikangofika m'tauni, sipatenga nthawi kuti wina aitanidwe ku ukwati wa mwana wa bwana, ku mwambo wopereka mphotho, ku chakudya chamadzulo chosonkhetsa ndalama, kapena ku phwando lotsekera msonkhano waukulu. Zimenezi sizolakwika, pakuti miyambo yotere ilipodi. Dandaulo langa ndi lakuti tikawalowetsa anthu athu m'chipinda chodyera chija, alembi ambiri amatseka maso. Amalemba zimene adawerenga kwa alembi anzawo m'malo molemba zimene zimachitika pamenepo, ndipo potero amataya mwayi wofotokoza m'mene dziko lathu lidakhalira, poti pa madyerero ndi pamene pamaonekera poyera amene ali wamkulu, amene ali wamng'ono, ndi amene sawerengedwa n'komwe.

Pali njira ziwiri zimene zapondedwa mpaka kuchita kusalala. Yoyamba ndi ya munthu wa kumudzi amene wagwa m'manja mwa foloko ndi mpeni. Amalume afika atavala jekete yobwereka, akhazikidwa pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera, basi tsoka layambika. Apukutira thukuta kansalu ka pa tebulo, alasa ntchafu ya nkhuku ndi foloko mpaka idumphira m'mbale ya mkazi wa bwana, kenaka afuula kufunsa kuti nsima ibwera nthawi yanji poti supu uja amuyesa ndiwo. Owerenga aseka, oonera sewero agwa nako kuseka, mlembi akhutira kuti wagwira ntchito. Nthabwala imeneyi yazungulira m'nkhani zazifupi, m'masewero a pa wailesi ndi a pa nsanja kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimasintha ndi dzina la amalume ndi boma limene achokera.

Funso langa ndi lakuti: kodi pamenepa tikuseka yani, ndipo tikuseka titaima mbali ya yani? Mlembi amene wasankha kulemba m'Chichewa akudziwa bwino kuti ambiri omuwerenga adakula akudya nsima ndi manja, komabe iye waima kumbuyo kwa foloko n'kumaloza chala anthu a kwawo. Kuwonjezera apo, nthabwalayi ndi yabodza. Munthu woleredwa bwino kumudzi akafika pa malo achilendo sathamangira mbale. Adaphunzitsidwa kudikira, kuyang'ana m'mene eni ake akuchitira, ngakhale kuyamba wakana chakudya pamene njala ikumupweteka. Amalume enieni pa tebulo la ku hotela amakhala chete, amadya pang'ono, amathokoza, n'kukagona m'mimba muli pululu. Nkhani ili m'kukhala chete kumeneko, ndiponso m'maso mwa mphwawo amene akuwayang'ana cham'mbali poopa kuti amuchititsa manyazi pamaso pa anzake a kuntchito. Wofuna kuseketsa angathe kuseketsabe, koma woyenera kusekedwa ndi mphwawo uja, amene adaphunzira sukulu ndi ndalama za fodya wa amalume omwewo, lero akulimbana ndi mutu wa chambo ndi mpeni kwa theka la ola pamene mtima wake ukulakalaka atangougwira ndi manja.

Njira yachiwiri ndi ya hotela ngati phanga la machimo. Mtsikana wa pasukulu kapena mlembi wa mu ofesi aitanidwa ku phwando ndi bwana wa mimba yaikulu, alawa vinyo koyamba, mutu uzungulira, ndipo ndime yotsatira imupeza m'chipinda cha pamwamba akulira. Nkhani zotere zidachuluka kwambiri matenda a Edzi atafala, kuchokera pamene munthu woyamba adapezeka nawo m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo sindikukana kuti zidachenjeza ena. Koma taonani m'mene mlandu umagawidwira. Mtsikana ndiye amalangidwa, amadwala, amamwalira, ndipo ndime yomaliza imalangiza atsikana anzake. Bwana uja mwina amadwalanso, koma palibe amene amafunsa kuti ndalama zimene adagulira vinyo uja zidachokera m'thumba la yani, kapena kuti anthu mazana awiri amene adali m'chipinda chodyeracho, amene adamuona akutuluka ndi mwana wa msinkhu wa mwana wake, adakhaliranji chete. Phwando lonse limasanduka khonde longodutsapo popita ku chipinda chogona.

M'njira ziwiri zonsezi chinthu chimodzi chimasowa, ndicho chakudya chenichenicho. Mlembi yemweyo amene angathe kutifotokozera m'mene mayi akupaliramo moto, m'mene akusefera nsinjiro ndi m'mene akuomolera nsima ndi chipande, akafika ku hotela amangoti anthu adadya zakudya zonona zosiyanasiyana ndi kumwa zoziziritsa kukhosi. Mawu amenewa saonetsa kanthu. Sitimva fungo, sitiona mbale, sitidziwa amene adayamba kudya ndi amene adapeza zatha. Zili ngati munthu wobwera ku maliro amene pomufunsa m'mene mwambo wayendera angoyankha kuti anthu analira.

Chodabwitsa n'chakuti ife ndife anthu odziwa kuwerenga madyerero. M'midzi yambiri mwana amakula akudziwa kuti madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu, kuti wamng'ono sayamba kutema nsima, ndiponso kuti nkhuku ya mlendo ikafika yopanda nthutumba pamakhala mafunso. Amadziwa kuti mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi ake aakazi, kuti mwini mowa amayamba walawa pamaso pa onse posonyeza kuti mulibe choipa, kuti mfumu imapatulidwira mtsuko wake, ndi kuti amayi amene adadzuka m'bandakucha kukasonkha moto ndiwo amadya pomaliza. Pa ukwati, pa chiliza kapena pa sadaka, munthu wanzeru amangoyang'ana kumene mbale zikulowera n'kudziwa banja limene lakwera, limene latsika, ndi abale amene sakumwerana madzi. Alembi oyambirira monga Samuel Josia Nthara, amene buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933, ndi John Gwengwe, mlembi wa Kukula ndi Mwambo, adaona kuti makhalidwe a tsiku ndi tsiku a pamudzi ndi oyenera kulembedwa mosamala. Diso limenelo tili nalo. Chimene chimachitika n'chakuti timalisiya pa chipata cha hotela, ngati kuti malo a magetsi ambiri alibe mwambo woti n'kuuwerenga.

Ndikuganiza kuti chizolowezi chimenechi chili ndi gwero lake. Mu 1968 dziko lino lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, masewero ndi mafilimu, ndipo kwa zaka zambiri mlembi ankadziwa kuti chilichonse chimene walemba chidutsa m'manja mwa anthu ofufuza ngati muli mwano. Kumangidwa kwa Jack Mapanje, amene adakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, kudakumbutsa aliyense kuti cholembera chingathe kumugonetsa munthu pa simenti. M'nyengo yotere, amalume a kumudzi adali munthu yekhayo pa phwando amene ukadamuseka popanda kugogoderedwa chitseko usiku, ndipo mtsikana wosamvera adali wochimwa yekhayo amene ukadamulanga popanda kufunsidwa kuti ukunena yani. Amene adakhala pa tebulo la akuluakulu adali ngati khoswe wa pa mkhate. Izi n'zomveka. Chosamveka n'chakuti riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zidadutsa, zaka zoposa makumi atatu zapita, koma amalume aja akadagwetsabe foloko yomweyo.

Amene akukayika ngati chakudya cha ku hotela chingasenze nkhani yolemera akumbukire zimene zidachitika mu mzinda wa Blantyre pa 26 Januwale 1960. Tsiku limenelo nduna yaikulu ya dziko la Britain, Harold Macmillan, idali pa chakudya chamasana chaulemu ku hotela ya Ryall's. Dziko lidali pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti amene adalengezedwa pa 3 Malichi 1959, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda adali m'ndende ku Gwelo, kumene lero timati Gweru, m'dziko la Zimbabwe. Pamene alendo ankadya m'kati, panja padasonkhana anthu onyamula zikwangwani ofuna kuti mtsogoleri wawo atulutsidwe, ndipo adakankhana ndi apolisi. Atolankhani a ku Britain amene adatsagana ndi Macmillan adalemba kuti apolisi adachita nkhanza, nkhani idamveka kutali, mpaka boma lidakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza milandu Southworth, amene adagamula kuti atolankhaniwo adakokomeza. Patangotha sabata imodzi, pa 3 Febuluwale, Macmillan adayankhula ku Cape Town za mphepo ya kusintha imene inkaomba mu Africa, ndipo pa 1 Epulo chaka chomwecho Dr Banda adatulutsidwa.

Mabuku a mbiri amatiuza za amene adali pa tebulo ndi amene adali pa msewu. Koma pakati pa magulu awiriwa padali gulu lachitatu, la anthu akuda ophika ndi operekera zakudya, amene ankayenda ndi mbale m'manja uku makutu ali panja. Mwina wina mwa iwo adali ndi mlongo wake m'khamulo. Ankaganiza chiyani pothira madzi m'tambula ya mlendo? Dzanja lake lidanjenjemera kapena lidakhazikika? Madzulo ake adakafotokoza zotani kunyumba? Mafunso amenewa wolemba mbiri sangawayankhe chifukwa alibe umboni, koma wolemba nkhani zopeka ndiye mwini wake, ndipo chiyankhulo choyenera nkhani yotere ndi chimene anthu amenewo ankanong'onezana m'khitchini.

Tsono tiyeni tilowe pa phwando la masiku ano ndi diso lija la kumudzi, tione zimene mlembi angatole. Choyamba ndi khomo. Madyerero a kumudzi alibe chitseko, wodutsa m'njira amaitanidwa, ndipo ngakhale wamisala amapatsidwa mbale yake. Ku hotela munthu amalowa ndi khadi, ndipo pakhomo pamaima mlonda ndi mtsikana wa ndandanda wa maina. Pamenepo pokha pali nkhani zambiri: mphunzitsi wopuma ntchito amene adaphunzitsa mkwati koma dzina lake silikupezeka, mkulu amene wabwera ndi mkazi wosakhala amene walembedwa pa khadi, mnyamata wa suti yonyezimira amene amadya pa phwando lililonse mu mzinda popanda womuitana. Kunja kwa khomo lomwelo kuli madalaivala amene akhala m'galimoto kuyambira dzuwa lisanalowe, akumvera mpira pa wailesi, kudikira mabwana amene atuluke pakati pa usiku akununkha nyama.

Chachiwiri ndi kakhalidwe ka mipando ndi nthawi. Khadi limanena kuti mwambo uyamba 6 koloko madzulo, koma mlendo wolemekezeka akachedwa ndi maola awiri palibe amene amakhudza chakudya. Anthu amene sadadye masana poyembekeza phwando amangomwa madzi, kuphwanya kabanzi kamene kali pambali, ndi kuombera m'manja zoyankhula zimene sakuzimva chifukwa cha njala. Nthawi yakudya ikakwana, a pa tebulo lapamwamba amapatsidwa ali pomwepo, ena onse amaitanidwa tebulo ndi tebulo kukadzipakulira m'ziwiya zazitsulo zokhala ndi kamoto pansi. Oyamba amaunjika mpunga, mbatatesi, nkhuku, nyama ya ng'ombe ndi nsomba m'mbale imodzi mpaka msuzi kuyenderera, kuiwala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. A matebulo a kufupi ndi chitseko, amene kawirikawiri ndi achibale a kumudzi, antchito ang'onoang'ono ndi oimba, amapeza mitu ya nsomba ndi kabichi. Palibe amene walamula kuti anthu amenewa adye zotsala, komabe zimachitika chimodzimodzi pa phwando lililonse, ndipo mlembi amene angaonetse zimenezi sasowanso kulalikira za kusiyana kwa olemera ndi osauka.

Pamzere womwewo pamapezeka mayi amene amakulunga chiwalo cha nkhuku m'kapepala n'kuchilowetsa m'chikwama. Nkhani zathu zikamuona mayi ameneyu zimamuseka kuti ndi wadyera. Koma kwathu kholo lobwera ku madyerero chimanjamanja limafunsidwa ndi ana kuti latitengera chiyani, ndipo mayi amene wadya nyama yekha ana atagonera nkhwani samva kukoma. Mayiyu akusunga mwambo wa kwawo m'nyumba imene mwambo wake ndi wakuti zotsala zikatayidwe. Mlembi ayenera kusankha kuti mwa miyambo iwiriyi wochititsa manyazi ndi uti.

Chachitatu ndi mbale. Mbale ya pa phwando ndi mapu a dziko lino kwa amene afuna kuiwerenga. Mpunga wonunkhira wa Kilombero umachokera ku Karonga, mbatatesi ndi tomato zambiri zimachokera ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu, shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, khofi ku mapiri a kumpoto, ndipo tiyi wotsekera chakudya amathyoledwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'minda imene mbiri yake imakumbutsa za thangata. Chambo chimene chimanyadiridwa pa mwambo uliwonse waukulu chidayamba kusowa ku nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ina ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yakutha. Msodzi wa ku Mangochi amene wachigwira amachigulitsa, iye n'kudyera usipa kapena bonya. Sindikunena kuti nkhani yopeka isanduke phunziro la zaulimi. Ndikunena kuti munthu wa m'nkhani yathu, amene mayi ake amagulitsa tomato pa Lizulu, sangaone tomato wodulidwa ngati duwa pambali pa mbale popanda kuganiza kanthu. Chimodzimodzi amene adaona njala ya 2002 ndi ya 2005, n'kudzapezeka pa chakudya chotsekera msonkhano wokambirana za njala, ali ndi mawu mumtima amene mlembi ayenera kuwamva.

Chachinayi ndi tambula. Zakumwa zimasiyanitsa anthu kuposa chakudya. Pa tebulo lapamwamba pamaima mabotolo a vinyo wa ku South Africa ndi kachasu wa azungu, ndipo tambula ikangotsika pang'ono woperekera amaidzaza. Matebulo apakati amalandira mowa wa m'mabotolo, monga Carlsberg amene adayamba kufululidwa ku Blantyre mu 1968, fakitale yoyamba ya kampaniyo kunja kwa dziko la Denmark, imene idagulidwa ndi kampani ya Castel mu 2016. Nthawi zambiri anthu amenewa amapatsidwa timapepala tiwiri pakhomo, kapepala kamodzi botolo limodzi, ndipo tikatha aliyense apise m'thumba mwake pa mtengo wa ku hotela. Amene adaona m'mene makuponi a feteleza ankagawidwira m'midzi kuyambira 2005 sangalephere kuseka poona akuluakulu a masuti akupemphana timapepala ta mowa, osamwa akusinthanitsa tawo ndi lonjezo la thandizo la mawa, ndipo wogawa timapepalato atasanduka nyakwawa ya usiku umodzi. Nthabwala ndi imeneyotu, yopsa kale, yongofuna wotola. Thobwa, amene kumudzi ndiye amalandira mlendo, ku hotela amaonekera pa tsiku la zachikhalidwe lokha, m'chikho choikidwa pakona pamodzi ndi mtondo ndi lichero ngati zokongoletsa.

Chachisanu, chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ife okonda Chichewa, ndi chiyankhulo. Ngakhale Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, pa phwando la ku hotela chimakhala ngati wachibale wosauka. Khadi, ndandanda wa zakudya, pemphero ndi zoyankhula zonse zimakhala m'Chingerezi, ndipo Chichewa chimaitanidwa pamene woyendetsa mwambo afuna kuseketsa anthu kapena pamene mlendo wolemekezeka afuna kuponya mwambi umodzi kuti aoneke kuti sadaiwale kwawo. Woperekera zakudya amafunsa mlendo m'Chingerezi, mlendo amayankha m'Chingerezi, chonsecho onse awiri ndi a kwa mfumu imodzi. Koma timapepala ta mowa tikatha, mlendo yemwe uja amatsitsa mawu n'kunena kuti, “Achimwene, tandiganizirani kamodzi.” Chichewa chimatulukira pa nthawi ya kusowa, ya kupempha ndi ya kunena zoona. Nkhani zathu zambiri zimalemba zokambirana zonse m'Chichewa chosalala chimodzimodzi, kotero kuti kusinthasintha kumeneku, kumene ndiko mtima wa usiku wonse, kumatayika. Mlembi sayenera kudzaza tsamba ndi Chingerezi kuti aonetse zimenezi. Akhoza kungotiuza kuti apa bwana adayankhula chizungu cha m'mphuno, apa lilime lidaterereka n'kubwerera kwawo.

Alembi ena a mu Africa adaona kale kuti phwando ndi bwalo la milandu. M'buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart, la 1958, limene Benedicto Wokomaatani Malunga adalimasulira m'Chichewa pa dzina lakuti Chipasupasu, muli nthano ya Fulu amene pa nthawi ya njala adabwereka nthenga kwa mbalame kuti apite nazo ku madyerero a kumwamba. Ali m'njira adazinyengerera kuti aliyense atenge dzina latsopano, iye n'kusankha dzina lotanthauza kuti nonsenu. Eni phwando atanena kuti chakudya n'cha onse, Fulu adadya zabwino zonse m'dzina la gulu, mbalame n'kutsala ndi makombo. Amene adakhalapo pa phwando lokonzedwa m'dzina la alimi, la ana amasiye kapena la amayi akumudzi, pamene eni dzinalo palibe ndi mmodzi yemwe, amudziwa Fulu ameneyu. M'buku lina la Achebe, No Longer at Ease, la 1960, mnyamata Obi Okonkwo wobwera kumene kuchokera ku maphunziro ku England amakhumudwitsa anthu a kwawo pa mwambo womulandira chifukwa chovala malaya opanda jekete ndi kuyankhula Chingerezi chosavuta, ndipo pambuyo pake, ali pa malo odyera apamwamba mu mzinda wa Lagos, amadabwitsa mnzake pofunsa ngati pamenepo amaphika chakudya cha kwawo. Apa Achebe adatembenuza nthabwala yathu ija: wophunzira ndiye akulakalaka chakudya cha kumudzi, ndipo otsala kwawo ndiwo akufuna chizungu.

Malemu Ngugi wa Thiong'o adapita patali kuposa apa. Ali m'ndende ya Kamiti ku Kenya, kumene adatsekeredwa kumapeto kwa 1977, adalemba pa mapepala a kuchimbudzi buku la m'Chigikuyu lotchedwa Caitaani Mutharaba-ini, limene lidatuluka mu 1980. Pakati pa bukuli pali phwando lalikulu la mbava ndi achifwamba ovala bwino, amene akudya ndi kumwa uku akupikisana pofotokoza m'mene amabera anthu, pamaso pa alendo ochokera kunja. Ngugi adalemba zimenezi m'chiyankhulo cha amayi ake, ndipo anthu wamba ankawerengerana bukuli mokweza m'malo omwera mowa. Umenewu ndi umboni wakuti chiyankhulo cha kumudzi chingathe kulowa m'chipinda cha akuluakulu n'kuwavula, popanda kupempha chilolezo kwa foloko.

Wina anena kuti ndikufuna kusandutsa phwando lililonse kukhala mlandu, chonsecho anthu amapita ku hotela kukasangalala. Zoonadi, hotela si mdani. Imalemba ntchito ophika, ochapa, alonda ndi oimba, imagula mbewu za alimi, ndipo makolo amene asunga ndalama zaka zambiri kuti mwana wawo adzachitire ukwati pa malo aulemu sadalakwe. Chisangalalo chimenecho nachonso chilembedwe, ndipo chilembedwe bwino: gule wa apongozi awiri amene ayamba mwamanyazi n'kutha atavula nsapato, perekaniperekani amene amaswa dongosolo lonse la eni hotela, wophika wamkulu amene amasuzumira pa chitseko kuti aone ngati anthu akonda msuzi wake. Chimene ndikukana ndi ulesi wolemba phwando limene mlembi sadaliyang'ane. Kuyang'anitsitsa sikuchotsa kukoma, monga momwe kudziwa amene adaphika sikuchepetsa kukoma kwa ndiwo.

Pali chifukwa chinanso chimene alembi sitikonda kuchitchula. Nthawi zambiri mlembi wa Chichewa amalowa m'hotela ngati woitanidwa: kukalandira mphotho ya mpikisano, kukalakatula ndakatulo pakati pa supu ndi nyama, kapena kukakhala nawo pa maphunziro olipiridwa ndi ena. Amakhala pa tebulo la kufupi ndi chitseko, amawerenga timapepala take tiwiri, ndipo amadziwa kuti ndalama za chakudya cha usiku umenewo zikadatha kusindikiza mabuku angapo amene akugona m'kabati mwake. Koma m'kamwa mukakhala nyama ya eni ake, mawu amavuta kutuluka, ndipo kuseka amalume kumakhala kosavuta kusiyana ndi kulemba za dzanja limene lakuitana. Komatu mpando umenewo, wa pakati pa tebulo lapamwamba ndi khomo la kukhitchini, ndiwo woonera bwino chipinda chonse. Amene wakhalapo amaona nkhope ya bwana ikamayankhula ndiponso nkhope ya woperekera zakudya akangotembenuka.

Pempho langa kwa alembi anzanga, makamaka achinyamata amene akutumiza nkhani ku nyuzipepala ndi ku mipikisano, ndi lakuti ulendo wina mukafuna kulowetsa munthu wanu m'hotela, yambani mwafunsa amene amagwira ntchito m'menemo. Afunseni nthawi imene amafika ndi imene amaweruka, chimene amadya iwo alendo akamadya chambo, m'mene amapitira kwawo ku Ndirande kapena ku Kawale phwando likatha minibasi zitaleka kuyenda, ndiponso kumene zotsala zimapita. Tchulani zakudya ndi maina ake, tiuzeni amene adayamba kusamba m'manja ngati madzi adabwera n'komwe, ndipo mutionetse amene adalipira. Akonzi a nkhani ndi oweruza mipikisano nawonso atithandize pobweza nkhani ya amalume ndi foloko ikabweranso, pokhapokha ngati ulendo uno amalumewo apatsidwa mpata wofotokoza okha zimene adaona.